Kagalasi kofiira kasowa mu mpunga

Mwaswera bwanji achimwene ndi nonse kumeneko.

Lero ku kalasi ya zaluso ku Chonde amatiphunzitsa kudula magalasi amitundumitundu n'kuwalumikiza kukhala maluwa. Duwa langa silinathe, ndiye tizidutswa take ndabwera nato kunyumba n'kutiyala m'lichero.

Ndili kosamba, amayi angokhuthulira tizidutswato pansalu n'kupetera mpunga m'lichero lomwelo. Taphika, tadya. Mwadzidzidzi ndaluma chinthu cholimba. Kulavula, kagalasi kobiriwira.

Ndayalanso duwa lija. Kachidutswa kofiira ka pakati, kochepa ngati njere ya nandolo, palibe. Tasesa paliponse.

Mwana wanga Tadala ndiye wadya kwambiri, ndipo mukumudziwa, satafuna. Pano akusewera, akuti sakumva kupweteka. Amayi atuluka kukakhala pakhonde.

Achimwene, tithamangire naye Tadalayu kuchipatala pompano kapena tidikire? Akangomeza malovu, ine ndikumufunsanso ngati akumva kupweteka.