Timabokosi Titangoti Zii, Nanenso Ndinati Zii

Lachiwiri lapitali ndinakhala chete pamene ndinayenera kulankhula, ndipo manyazi ake sanandichokebe.

Ndimagwira ntchito kubungwe lina loteteza mitengo ya mkungudza kumtunda kwa Likhubula. Pamitengo ina tinamangirirapo timabokosi tomvetsera kulira kwa macheka. Timabokositi timapatsirana uthenga pa wayilesi, kena kuuza kanzake, mpaka uthengawo ufike pa kompyuta imene ndimayang'anira.

Lolemba m'mawa timabokosi tinayi toyandikana tinasiya kutumiza uthenga nthawi imodzi. Uthenga wake womaliza unaonetsa kuti mabatire ngodzaza, koma mumlengalenga muli phokoso lachilendo. Kumaphunziro anatiuza tanthauzo lake: wina wayatsa kachipangizo kosokoneza wayilesi. Zili ngati zokuzira mawu za pamsika wa Chonde zikamalira. Mnzako akukuitana, iwe ukungoona milomo.

Ndinadziwa zimenezi. Koma Lachiwiri pamsonkhano abwana athu anayamba ndiwo kulankhula.

"Ndi a Nakhumwa awa. Sapukuta masola otchajira timabokosito, mabatire atha. Zikapezeka choncho, Lachisanu musabwerenso."

A Nakhumwa ndi bambo wachikulire amene anasenza timabokosito pamutu kukwera nato phiri. Anatembenukira kwa ine.

"Achimwene, pa kompyutapo mumaona ndinu. Tanenani."

Ndinayang'ana pansi. Kusukulu yakumudzi kwathu tinkaphunzira kuti wamkulu akalankhula, mwana amayankha kuti "zikomo". Ndinadziuza kuti ndi ulemu. Koma ndi ulemu wanji wochotsetsa munthu ntchito?

Lachitatu a Nakhumwa anakwera phiri okha, ndi ukalamba wawo womwewo. Anabwerako ndi chigubu chodulidwa pamwamba, mkati muli batire la njinga yamoto ndi kachipangizo ka nyanga ziwiri kosokoneza wayilesi. Anachipeza chobisidwa m'thengo, pafupi ndi zitsa zitatu zatsopano. Ntchito yawo anaipulumutsa okha, ine ndisanatsegule pakamwa.

Timabokosito takonza. Timeneti tikamva phokoso lotere tizisamukira pa tchanelo china, ndipo tikangokhala chete kwa mphindi khumi, belu lizilira mu ofesi. Tavomereza kuti kusamva kanthu si mtendere.

Nanga ife anthu atikonza ndani? M'makomiti a mijigo, m'misonkhano ya makolo kusukulu, ngakhale kutchalitchi, ndi angati amadziwa zoona koma amadikira kuti wamkulu azitulukire yekha? Pobwerera, m'njira, ndiye aliyense katswiri. Akuluakulu omwewo ndiwo anati chetechete sautsa nyama.

Lachitatu lija a Nakhumwa sanakalipe. Anaika chigubucho pa tebulo langa, napukuta thukuta ndi chipewa.

"Mwanawe, timabokosi tija wina anachita kutitseka pakamwa ndi ichi. Nanga iwe anakutseka ndani?"

Lero ndi tsiku lachinayi ndikufunafuna yankho. Inu amene mukuwerenga, mukanawayankha chiyani?