Madeti Osinthidwa pa Invoisi za Mafuta

Malemu mkazi wanga ankati mtima wanga uli ngati nyemba zouma pa nkhuni zaziwisi, umachedwa kupsa. Ankanena zoona. Mkamwini wa abwana anga ndinagwira naye ntchito chaka chathunthu ndisanavomere mumtima kuti ndimamunyoza. Nkhaniyi ndimaitchula m'mapemphero mpaka lero, koma kunyozako sikunachoke.

Ndimalemba mabuku a ndalama pa holoselo ina pafupi ndi boda ya Mwanza. Eni ake ndi mayi wachikulire amene anayamba ndi kugulitsa manachesi m'mbali mwa msewu. Miyendo itayamba kuwavuta, anaika mwamuna wa mwana wawo kukhala manijala. Anabwera kuchokera ku Blantyre ndi nsapato zosongoka komanso makiyi a galimoto amene ankawazunguza pachala ngakhale galimotoyo ili ku galaja. Ine ankanditcha "madala", ndipo ankandilankhula mokuwa ngati ndine wogontha.

Mafuta ophikira tinkaoda ku kampani ina ya ku Tete. Pangano linali lakuti tikalipira pasanathe masiku asanu ndi awiri kuchokera pa deti la invoisi, amatichotserako makwacha atatu pa zana lililonse. Pulogalamu ya mu kompyuta yathu inkazidziwa zimenezi. Ukalowetsa deti la invoisi ndi deti lolipira, inkachotsa yokha disikauntiyo ngati masiku akulola. Chovuta chinali boda. Invoisi inkalembedwa tsiku limene thiraki yapakira ku Tete, koma thirakiyo inkatha kugona pamzere ku Zobue masiku anayi kapena asanu kudikira mapepala. Pofika kwa ife masiku amakhala atatsala awiri, ndalama tisanasonkhanitse. Kawirikawiri disikaunti inkatipita, ndipo amayi ankangoti, "Sinali yathu."

Ndalamazo ankadzatenga ndi bambo wina wotumidwa ndi kampaniyo, amene makolo ake anathawa nkhondo ku Mozambique nakhazikika kwa Kanduku. Ankayenda pa njinga yamoto yakale, chikwama atachikolekera pachifuwa. Chingerezi sankachiwerenga bwino. Ankawerenga ndalama zimene wapatsidwa, kusaina pamene walozeredwa, n'kumapita.

Lachiwiri lina m'mawa anandipeza ndikutsegula mawindo a ofesi. Anakana mpando.

"Achimwene, ndithandizeni," anatero. "Abwana anga akuti ndakhala ndikudya ndalama zawo. Mabuku awo akuti inu muli ndi ngongole, koma malisiti amene ndinasaina akuti munalipira zonse. Akuti mwezi ukatha ndisaonekenso kuntchito. Ndagulitsa kale mbuzi zinayi kuti ndiyambe kubweza ndalama zimene sindinazione n'komwe."

Ndinatsegula akaunti ya kampaniyo. Inali pa ziro. Ndiye ndinatsitsa faelo ya mapepala n'kuyamba kufananiza invoisi iliyonse ndi zimene zinali mu kompyuta. Pa invoisi khumi ndi imodzi madeti sanagwirizane. Deti la ku Tete linali litachotsedwa, n'kuikapo tsiku limene mafuta anatsitsidwa pakhomo pathu. Kompyuta, poona kuti talipira msanga, inachotsa disikaunti imene sitinayenere kulandira, ndipo bamboyo ankapatsidwa ndalama zoperewera n'kusainira kuti zakwana. Ine ndinkalowetsa madeti oona. Pulogalamuyo imasunga dzina la aliyense wosintha kanthu, ndipo dzina linali limodzi pa zonsezo, la manijala.

Ndinapita kwa manijala ndi faeloyo.

"Bwana, madeti awa asinthidwa."

Sanakane. Anaseka. "Madala, inu mumalipira katundu amene simunamuone? Ine ndimawerenga kuyambira tsiku limene mafuta alowa muno. Imeneyo ndiye bizinesi. Za pa boda akafunse a kasitomu."

"Pangano silikutero. Ndipo munthu akuchotsedwa ntchito."

"Akanawerenga asanasaine. Ine sindinatsegule sukulu ya kwacha pano. Zisiyeni, akaunti ili pa ziro, yoyera ngati mtima wa mkulu wa mpingo."

Akanakhala kuti ankaba ndalamazo, mwina ndikanamumvera chisoni, poti umphawi ndimaudziwa ndi zimene umachititsa anthu. Koma iye sanaike ngakhale tambala m'thumba. Ankangofuna kuti mwezi ukatha akakhale pakhonde pa apongozi ake n'kuwaonetsa pepala lakuti iye wapeza disikaunti imene madala ankalephera kupeza. Mbuzi zinayi za munthu zinapita kuti mkamwini wa eni ake aomberedwe m'manja. Ndinamuyang'ana nsapato zake zija, ndipo ndinaona kuti munthu angathe kukhala wamng'ono kwambiri ali wamtali.

Kukonza sikunali kungobweza deti, chifukwa malipiro anali atamangidwa kale ku invoisi zake. Pa iliyonse ndinayamba ndamasula malipirowo, kubwezera deti la pa pepala, kuchotsa mzere wa disikaunti, kenaka kumanganso malipiro. Ndikatero, ndalama yotsala inkatulukira poyera ngati ngongole yathu. Pambali ndinkalemba chifukwa chake. Ndinachita zimenezi kakhumi ndi kamodzi, manijala akudutsadutsa pakhomo, makiyi akulira. Nditamaliza, ziro uja anali atachoka, ndipo ndalama imene inaoneka inafanana ndendende ndi imene bambo uja ankanamiziridwa.

Masana omwewo ndinapita nazo kwa amayi. Ndinawapeza pakhonde, mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Anawerenga pepala la akauntiyo ndi chala, mzere ndi mzere, kenaka anatumiza uthenga kuti mkamwini wawo abwere.

"Ndi kompyuta, amayi," anatero atafika, atagwada bwinobwino ngati mwana wolangizidwa. "Pulogalamu imeneyi ndi yachikale. Ndakhala ndikunena."

Amayi anatembenukira kwa ine. "Kodi kompyutayo ili ndi manja?"

"Ilibe, mayi," ndinayankha, n'kuwapatsa tsamba loonetsa dzina la amene anasintha madeti.

Sanakalipe. Anangoti, "Ine ndinagulitsa manachesi zaka zambiri, sindinabisepo lowola pansi pa dengu." Sabata yomweyo analipira ngongole yonse, ndipo anandiuza kuti ndilembe kalata ku kampaniyo yonena kuti cholakwa chinali chathu, osati cha wotenga ndalama. Anasaina okha.

Bambo uja ntchito sanachotsedwe, ndipo ndalama zimene anali atapereka anamubwezera. Koma mbuzi zija anazigulitsa mothamanga, pamtengo wa munthu wopanikizika, choncho pa msika wa ku Thambani anangokwanitsa kugula ziwiri. Manijala akadali manijala, poti ukwati sutha chifukwa cha invoisi. Masiku ano amanditcha "abambo", ndipo ine ndimayankha moni wake monga mmene Mkhristu ayenera kuchitira.

Bamboyo akabwera kudzatenga ndalama, sasainanso kanthu ndisanamuwerengere lisiti lonse m'Chichewa, kuyambira deti. Ndimawerenga pang'onopang'ono. Manijala amaima pambali kudikira, makiyi ali m'thumba.