Maswiti a m'thumba la Winifred

Winifred Sailesi ndi mng'ono wanga, bere limodzi, ndiye ndikamunena musayese nsanje. Tinabadwira pafamu ya fodya pomwe abambo ankagwira ntchito atachoka kwawo ku Ntcheu, koma tinakulira muno mu St Mary's, kufupi ndi Harare. Ine Doris ndinathera pogulitsa tomato. Iye mutu unali wakuthwa, anatsegula sukulu ya mkaka, imene kuno timati kireshi, kuseri kwa tchalitchi chathu.

Chaka chatha anayamba kukwera kombi Loweruka lililonse kupita ku Harare kukaphunzira za kaphunzitsidwe ka ana. Abale inu, anabwerako ndi nzeru zodzadza thumba! Akuti kuli akatswiri amene anaphunzitsa nkhunda kujompha kabatani pozipatsa chakudya. Mwananso akuti n'chimodzimodzi: akachita chimene ukufuna, mpatse mphoto pompo, akachita chimene sukufuna, usamumenye, ungomunyalanyaza, khalidwelo lizilala lokha. Kukireshi zinayenda ndithu. Ana anasiya kulumana, makolo n'kumamuyamikira.

Koma nkhawa yake inali kunyumba. Abambo anali atakalamba, ndipo Chishona chimene analankhula zaka makumi asanu chinayamba kuwathawa, mkamwa n'kungotsala Chichewa. Mwana wa Winifred, Rumbidzai, wa zaka zisanu ndi ziwiri, Chichewa ankachimva chonse, koma poyankha ndi Chishona basi, ngati anzake onse a mumsewu mwathu. Agogo akafunsa, mdzukulu ayankha, nkhalamba n'kungoti kakasi. Winifred zinkamuwawa kwabasi. Ankafuna awiriwa acheze abambo asanatisiye.

Ndiye anadzaza maswiti m'thumba la epuloni yake n'kuika lamulo. Ukayankha m'Chichewa, switi. Ukayamba Chishona, amayi samva, amakufulatira n'kupitiriza zawo.

Ndinamuuza, "Iwe, mwanayu si nkhunda. Chichewa chili kale m'mutu mwake, akungochita manyazi."

Iye anaseka. "Achemwali, zimenezo n'za gulu lina la akatswiri, aja amati kuphunzira kumachitikira m'maganizo ngakhale kusaoneke. Nanga chimene sindikuchiona ndichiyesa bwanji? Ine ndikufuna ndimve ndi makutu."

Anamvadi. Pofika mwezi wachitatu Rumbi ankati "Mwadzuka bwanji, agogo?" osapunthwa. Koma ine ndinaona china. Mwana amene ankalongolola ngati wailesi anayamba kuyang'ana kaye nkhope ya amake asanatsegule pakamwa, ndipo akasowa liwu ankangokhala chete.

Tsikulo linali Lachinayi masana, masukulu atatsekera. Kireshi yokha ndiyo sitseka, ndipo ndinali komweko, nditapititsa tomato wa ndiwo za ana. Rumbi anali atatsala kunyumba ndi agogo ake. Tinangoona watulukira pakhomo, ali wefuwefu, nsapato alibe.

"Mhamha, sekuru va..." anayamba m'Chishona.

Winifred anafulatira osaganiza n'komwe, n'kupitiriza kupukuta mwana wina mamina. "Sindikumva," anatero.

Mwana anaima pomwepo, maso ali kudenga, akusakasaka mawu a Chichewa. Ine chitsiru ndinkayesa ndi za masiku onse, ndinangopitiriza kutsitsa tomato m'dengu. Mpaka lero ndimadzida. Kaya panapita mphindi zingati sindikudziwa, koma dengu linatha.

"Agogo..." anayamba mwana uja. "Agogo agwa. Sakudzuka."

Chichewa chenicheni, chosalakwika pena paliponse. Ndipo ndinaona ndi maso angawa dzanja la Winifred likulowa lokha m'thumba la epuloni, mawuwo asanamufike mumtima. Kenako anakuwa.

Abambo tinawapeza pansi pafupi ndi mpopi, kukamwa kutapotoka. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Winifred anafunsa namwino ngati zikanasintha tikanafulumira, namwino n'kuyankha kuti palibe angadziwe. Bola akanati inde, munthu akanalira n'kutha nazo. Yankho limenelo ndi limene likumudya mng'ono wanga, ndipo ndimamumvera chisoni ngakhale mkwiyo sunandithere.

Abambo ali moyo, koma salankhulanso, Chichewa kaya Chishona. Winifred akuphunzitsabe, makolo akumuyamikirabe, koma wawonda, ndipo maswiti analeka kugula. Masana Rumbi amakhala pambali pa agogo ake n'kumawasimbira za kusukulu m'Chishona, nkhalamba itamugwira dzanja. Amake akangolowa, mwana amadula mawu pakati.

Dzulo Winifred anagwada pamaso pa mwana wake, misozi ili mbwee, n'kumuuza m'Chishona chomwe ankachikana chija, "Taura hako, mwanangu." Ankamupempha kuti azilankhula mmene akufunira.

Rumbi anayang'ana nkhope ya amake, kenako n'kuyang'ana thumba la epuloni.