Oyimba Opanda Mawu a Agogo Mbewe

Ndikakumbukira agogo Mbewe, mphuno ndiyo imayamba: fungo la polishi wa nsapato losakanikirana ndi la tiyi wowira mopitirira, m'kachipinda kotentha ka pamwamba pa golosale ku Peckham, m'dziko la azungu, mawindo ali nthunzi yokhayokha, mabasi akulira pansi pamsewu. Sanali agogo anga enieni. Khomo lawo linayang'anizana ndi lathu. Anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe, koma makolo awo anali a ku Ntcheu. Mwana wawo wamkazi ankasamalira okalamba ku Romford, amayi anga anali nesi, ndiye ndikaweruka kusukulu ndinkakhala kwa agogowo.

Nthawiyo ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinali nditasiya kulankhula. Nditangofika kumene kuchokera ku Zomba, aphunzitsi anandifunsa chakudya chimene ndimakonda. Ndinaimirira mwaulemu n'kunena kuti "lice and beans". Ine ndinkati mpunga, koma lilime langa linati nsabwe. Kalasi yonse inafa nako kuseka, ndipo pa nthawi yopuma ena ankadzikanda m'mutu akandiona. Kuyambira tsikulo pakamwa panatsekeka, Chizungu ndi Chichewa chomwe, kusukulu ndi kunyumba komwe.

Amayi anayesa kunyengerera, kukalipa, mapemphero a kutchalitchi. Tsiku lina ndinawamva akuuza achemwali awo pafoni: "Akapanda kulankhula pofika Khirisimasi, ndimugulira tikiti abwerere konko. Ndi ma shift angawa, ine sindingathe." Ndinkaopa kusiyana ndi amayi kuposa chilichonse, koma mawu anakanabe kutuluka.

Agogo Mbewe okha ndiwo sanandiuzepo kuti ndilankhule. Anali ndi matepi a vidiyo ogula pamsika, a oyimba akalekale a rock and roll mmene ankaonekera pa TV, zithunzi zakuda ndi zoyera: anyamata a tsitsi lonyezimira mafuta, magitala m'chiuno, miyendo ikunjenjemera, atsikana akukuwa atagwira masaya. Agogo ankati "loko en lolo", mokweza, opanda manyazi ngakhale pang'ono. Chodabwitsa n'chakuti ankaonera mawu atatsitsiratu.

"Ife ku Halale tinkaonera chonchi, mdzukulu," anandiuza uku akupukuta nsapato zawo zosongoka. "TV ili m'sitolo ya azungu, ife tili panja, mphuno pagalasi. Galasi silitulutsa mawu. Ndiye mawuwo tinkaikamo tokha."

Ankaikamodi. Woyimba akayamba kugwedeza miyendo, agogo ankafuula ndi timawu tating'ono: "Linthumbu! Linthumbu landilowa mu buluku, anthuni!" Atsikana aja akakuwa, iwo: "Mayo ine, nyemba ndasiya pamoto!" Ine ndinkasekera m'mimba, milomo nditaluma. Kenako ankaloza wina ndi bulashi. "Nanga uyu akuti chiyani? Ine wandivuta, Chizungu chake n'cha m'mphuno." Ndikakhala chete ankangoti, "Eya, nayenso sakudziwa," n'kundithirira tiyi. Mawa lake chimodzimodzi.

Masamba anayoyoka m'mitengo, m'masitolo anayamba kupachika magetsi a Khirisimasi. Tsiku lina pa tepi panatulukira woyimba piyano wina wopenga, amene anakankha mpando n'kukweza phazi pa piyanopo. Agogo analoza. "Uyu?"

"Akuti nsapato ndagula dzulo, aliyense azione."

Mawuwo anatuluka pakamwa panga osasa, ngati a munthu wina. Ndinkaganiza kuti agogo adumpha, aitana anthu, andiyang'anitsitsa. Sanacheuke n'komwe. Analoza woyimba ng'oma kumbuyoko n'kunena ndi mawu a besi: "Bodza! N'za alamu ake!"

"Alamu anga alibe mapazi aakulu chonchi!" ndinayankha.

"Ndiye bwanji zikukuluma?"

Tinakangana choncho mpaka tepi inatha. Amayi atabwera kudzanditenga anaima pakhomo, chikwama chikadali paphewa, misozi ikutsika, koma agogo anangowagwedezera bulashi kuti asasokoneze mlandu wa nsapato. Tikiti ija sinagulidwe. Kusukulu ndinachedwerapo, komabe pang'onopang'ono nakonso ndinatsegula pakamwa.

Nditakulako ndinayesa kukweza mawu kuti ndimve nyimbo zenizenizo. "Tsitsa, mdzukulu," anatero agogo. "Akuwononga."

Anabwerera ku Zimbabwe ine ndili ku koleji, ndipo anamwalirira komweko. Lero ndili ndi mwana wanga, Mphatso, wa zaka ziwiri ndi theka, amene sanatchulebe liwu ndi limodzi lomwe. Anesi akuti ana ena amachedwa, tidikire. Kudikirako ine kukundikanika. Ndimawerenga pafoni zinthu zondisowetsa mtendere, ndimamugwira masaya n'kumati, "Nena mama, Mphatso, nena mama," moti masiku ano akangondiona ndikugwada amathawira kuseri kwa mpando.

Dzulo ndinasiya zonsezo. Ndinamukhazika pamiyendo, ndinatsitsa mawu a zidole zake za pa TV, ndinalankhulira galu, ndinalankhulira bakha, kenako ndinaloza kamphaka. "Nanga uyu akuti chiyani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Eya," ndinatero, "nayenso sakudziwa."

Munthu wankhawa ngati ine, mawu amenewo sindikanawapeza pandekha. Ndinachita kupatsidwa ndi nkhalamba imene sinali n'komwe m'bale wanga. Ndinamuthirira mkaka, ndipo anamwa ali pamiyendo panga pomwepo, osathawa.