Banjo ya Overton ku West Bay

Overton Namakhwa anabadwira ku Chitakale, m'boma la Mulanje, ndipo asanamere ndevu ankadziwa kale kupanga banjo. Amalume ake ndiwo anamuphunzitsa: chitini cha mafuta, thabwa lowongoka, waya wa mabuleki a njinga, basi. Atakula anayambitsa gulu ndi anzake atatu, nalitcha jazi bandi monga ankachitira onse oimba mabanjo nthawi imeneyo. Ankaimba pa maukwati ndi m'misika ya m'maesiteti a tiyi. Gululo linatha pamene wang'oma anamwalira, wina n'kulowera ku Joni. Overton anakwatira, ana anabwera atatu, banjo inapachikidwa kudenga mpaka inachita dzimbiri.

Ali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri anapeza kontirakiti ya ku Doha, pa hotela ina yaitali ku West Bay. Ntchito yake inali yokonza malo a maphwando: kunyamula mipando, kupinda matebulo, ndiponso Lachisanu lililonse, nyengo yozizira ikafika, kuyala matabwa ovinirapo pa kapinga wa kuseri kwa hotelayo.

Pa matabwa amenewo ndi pamene anaona koyamba jazi ya eni ake. Bandi yake inali ya anthu asanu. Panali lipenga, tirombone, besi yaikulu ngati munthu, ng'oma, ndi mayi wina wa ku Lebanon, Yasmin, amene ankaliza chitoliro chakuda chotchedwa kilarineti. Iyeyu ndiye anali mtsogoleri. Ankayamba thiri koloko masana. Ovina ankabwera awiriawiri, azungu, Afilipino, Amwenye, atavala nsapato zosalala kunsi. Ankagwirana dzanja limodzi, kutayana, kukokananso, miyendo ikuponyedwa uku ndi uku. Ena ankangokhala pa matebulo kumvetsera.

Overton ankaima kumbuyo pafupi ndi mipando yotsala, manja kumsana monga lamulo linkanenera. Nyimbozo zinamulowa, koma ankamva kuti pakati pa besi ndi malipenga pali mpata, ndipo zala zake zinkayenda zokha kumsanako kuudzaza.

Anauza Callista, mtsikana wa ku Dedza amene ankaperekera zakumwa, kuti bandi ija ikusowa banjo. Callista anaseka namuuza kuti asayerekeze, anthu aja anaphunzira nyimbo ku makoleji. Overton anakapempha chitini cha mafuta chopanda kanthu kwa ophika, tsiku la ofu n'kukwera sitima ya mumzinda, metro, mpaka ku dera la Al Doha Al Jadeeda, kumene anapeza waya pa kasitolo kokonza njinga. Thabwa anachotsa pa mpando wothyoka umene unkapita kotaya. Masabata awiri atatha banjo inali ikulira, ndipo anzake a m'chipinda anayamba kudandaula kuti sakupuma.

Lachisanu lina, bandi ikuchuna zipangizo anthu asanabwere, anapita kwa Yasmin chitini chili m'manja. Anamuuza m'Chingelezi chake chapang'onopang'ono kuti nyimbo zawo n'zabwino, koma zili ndi bowo pakati. Wa tirombone anaseka mpaka kukhosomola. Yasmin anayang'ana chitinicho, chomwe chinali chikadali ndi chithunzi cha mpendadzuwa, ndipo anati, “Yalla, tiyeni timve.”

Sizinayende. Overton anathamanga kusiya anzake m'mbuyo, monga ankaimbira kwawo kuti anthu atuluke thukuta msanga. Nsambo zake sizinkagwirizana ndi malipenga. Asanafike pakati, wa besi anasiya kuimba. Overton anapepesa, nabwerera ku mipando yake.

Madzulo akupasula matabwa, Yasmin anamutsatira. Anamuuza kuti dzanja lake lamanja ndi laluso, koma nyimbo izi zimayenda ngati munthu wokhuta, sizithamanga. Anamuikira nyimbo zisanu ndi imodzi mufoni, namuonetsa liwu loti azichunira nsambo zake. Anati akakonzeka abwerenso.

Zinamutengera masabata asanu ndi awiri. Ankaimba m'chipinda chosungira mipando pa nthawi yopuma, foni ili pa bondo, phazi likuwerenga zinayizinayi. Anawonjezera nsambo yachinayi. Zala zinatuluka matuza, matuza anaphulika, panakhala zikang'a. Ulendo wachiwiri wa besi sanasiye kuimba, ndipo pomaliza anagwedeza mutu kuvomereza.

Panatsala manijala wa maphwando. Iyeyu anakana poyamba, nati pa mapepala Overton ndi wonyamula mipando, osati woimba. Yasmin anapita ku ofesi yake kawiri. Kenako bamboyo anatopa nati khalas, basi, nyimbo imodzi yokha, ndipo matabwa ayalidwe kaye onse.

Tsikulo linali la mu Febuluwale, kamphepo kakuchokera kunyanja. Overton anayala matabwa, anasamba m'manja, anavala malaya oyera amene anabwereka kwa mnzake wina, mlonda wa pa hotelapo. Callista anadutsa ndi thireyi namunong'oneza kuti, “Achimwene, musatichititse manyazi. Amalawi tonse a m'khitchini tili pa zenera.”

Yasmin atamuitana, anthu ena anaseka poona chitini. Overton anakhala pa mpando, osayang'ana munthu. Wang'oma anamenya timitengo kanayi.

Overton analowa bwinobwino, osathamanga. Banjo inalira mouma, mokhadzula, pansi pa malipenga, ndipo nyimbo yonse inakhala ngati yapeza pokhazikika. Oyamba kumva anali ovina. Mapazi awo, amene kale ankagwa aliyense nthawi yake, anayamba kugunda matabwa limodzi. Nkhalamba ina ya tsitsi la mbuu, imene sabata zonse inkangokhala ndi tiyi wake, inadzuka n'kugwira mkazi wake dzanja. Pakati pa nyimbo Yasmin anatsitsa chitoliro, malipenga anakhala chete, ndipo mayiyo analoza Overton ndi chibwano. Apa panalibe m'zimene anakonzekera. Overton anangotsinzina, nasiya zala zipite kwawo. Anaponya kaimbidwe ka ku Chitakale kaja, kodumphadumpha, koma phazi likugwirabe zinayi za anzake. Wa tirombone anamuyankha, iye n'kumubwezera, anthu a pa matebulo n'kuyamba kuwomba m'manja motsatira.

Nyimbo itatha ovina sanachoke pa matabwa. Anaima pomwepo akuwomba m'manja, ena akuitanitsa ina. Yasmin anayang'ana manijala, amene anaima pakhomo ndi wailesi yake yolankhulira antchito. Bamboyo anayang'ana anthuwo, anayang'ana matebulo odzaza, nakweza dzanja kuti apitirize. Overton anaimba nyimbo zonse zisanu ndi imodzi, ndipo zitatha anabwereza ziwiri.

Callista anali atajambula zonse pafoni. Overton asanamalize kupasula malo, kanemayo anali atafika kale ku Mulanje. Mkazi wake, Fyness, anatumiza uthenga wa mawu. Unali wa kuseka kokhakokha, ana akukuwa kumbuyo, kenako anati, “Bambo a Tiwonge, kodi munapitira zimenezi? Koma malayawo ndi a ndani?”

Kuyambira mwezi wotsatira shifiti yake ya Lachisanu inasinthidwa kuti izitha wani koloko. Dzina lake linalembedwa pa chikwangwani cha pakhomo pamodzi ndi anzake asanu aja, ngakhale analiphonya chilembo chimodzi. Masiku ano akuwaphunzitsa nyimbo imene anapeka ali mnyamata, ya kondakitala amene anasiyidwa ndi basi yake yomwe pa Thyolo. Malipenga aigwira kale. Chimene chikuvutabe ndi mawu, chifukwa wa besi, mwamuna wa ku Poland, waumirira kuti aziimba yekha m'Chichewa.