Tsamba la Magazini Limene Panali Bambo

Bambo anga sanajambulitsepo kusitudiyo. Chithunzi chawo chokha chimene tinali nacho chinali m'magazini yakale ya zaulimi, ataima m'munda wa mpunga ku Lifuwu, pambali pawo pali mayi atavala chipewa chachikulu chophimba nkhope. Pansi pake analembapo kuti mlimi ndi mkazi wake. Kuseri kwa tsambalo kunali katuni ya munthu wonenepa akugwa panjinga ndi thumba la feteleza.

Bambo atamwalira ndinaipeza magaziniyo pansi pa sutikesi, njenjete zitayamba kale kudya m'mbali. Kuno kunyanja chinyontho sichinyengerera pepala, choncho ndinadula tsambalo ndi lezala n'kupita nalo kwa mmisiri wina wa pamsika, wodula magalasi ndi kukhoma mafelemu.

Munthuyo sanandisangalatse kuyambira tsiku loyamba. Pakamwa pake panali pokoma mopitirira muyeso, ndipo m'shopu mwake munali mbwee zikuto za magazini akale ndi makatuni, zili kale m'magalasi. Anandiuza yekha kuti eni malo ogona alendo ku Senga Bay amazikonda zimenezi, amakongoletsera zipupa. Tsamba langa analitembenuza, n'kuseka katuni ija nthawi yaitali kuposa imene anayang'ana bambo. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba.

Anandiuza kuti ndibwere Lachisanu. Lachisanu litafika anati galasi latha. Sabata inayo anati thabwa silinaume. Nditapempha kuti ndingoliona tsambalo, anati analisunga kunyumba kuopa fumbi, koma ankanena izi maso ali pa macheka ake. Ine si mwana. Ndinakwera kabaza mpaka ku Senga Bay, n'kumalowa m'malo ogona alendo ngati wofuna chipinda, chonsecho ndikusuzumira zipupa. Bambo sindinawapeze, koma zimenezo sizinanditonthoze. Ndinangoti ndiye kuti awagulitsa kale ku Lilongwe.

Kunyumba mayi ankangoti ndimusiye munthuyo agwire ntchito yake. Zinandiwawa kuti iwo, namfedwa weniweni, sankaoneka kuti zikuwakhudza.

Tsiku lina ndinapita nditakonzeka kumuopseza ndi apolisi. Sanadikire kuti ndiyambe. Anatulutsa pansi pa tebulo felemu ya mlombwa, yosalala bwino, ataikulunga m'nyuzipepala. M'galasimo munali munthu wonenepa uja akugwa panjinga. Bambo anali atayang'ana kuthabwa lakumbuyo.

Ndinamufunsa ngati ankandiyesa chitsiru, kapena ankakonzera azungu ake a ku Senga Bay ndipo ndangomupezerera. Anayamba wapukuta manja pa ovolosi.

"Achemwali, mutasiya pepalali, m'mawa mwake kunabwera mayi anu. Anati ndiliotche, ine ndinakana. Ndiye anati bola ndilitembenuze. Masiku onsewa ndimasowa poyambira kukuuzani."

Sindinamukhulupirire ngakhale pang'ono. Ndinanyamula felemuyo osatsanzika. Mayi ndinawapeza kuseri kwa nyumba akupeta mpunga. Ndinaiimika patsogolo pawo, n'kuwafotokozera bodza lonse limene mmisiriyo anawanamizira, ndikudikira kuti tikwiye limodzi. Iwo anapitiriza kupeta.

"Iwe unandionapo ine nditavala chipewa?"

Ndinati ayi.

"Amene uja si ine. Chaka chimenecho ndinali kwathu ku Maganga, ndili ndi pakati pa iwe."

Anatola mankhusu awiri atatu m'lichero, n'kundituma kuti ndikatenge thumba. Sitinaikambenso nkhaniyo.

Mmisiri uja ndimamukayikirabe, chifukwa mpaka lero sindidziwa kumene amatenga makatuni enawo. Koma felemu yake ili pabalaza pathu, pamwamba pa wailesi. Alendo akabwera amaseka munthu wa panjingayo, n'kufunsa chimene tinaonapo kuti mpaka timugulire galasi. Mayi amaseka nawo. Misomali yakumbuyo ndi ing'onoing'ono, yoti ndingathe kuizula ndi mpeni wa kukhitchini, ndipo pali masiku amene ndimawasowa bambo moti ndimaitsitsa felemuyo n'kuitembenuza. Mayi akadali moyo, ndiye ndimangoipukuta fumbi n'kuibwezera pakhoma.