Khoma limene ndinazira ndi manja

Ntchito yokolopa ku bwalo la ndege itatha, chaka chija chuma chinasokonekera, ndinapeza ina yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Sindinaikonde. Ndinkakwera basi ku Drumcondra, mumzinda wa Dublin, m'mawa, n'kukatsika kuseri kwa bwalo lomwelo, kumene nyumba zatsopano zinangoti njo zopanda mawindo, omanga atazithawa. Kupitirira pamenepo panali kanyumba ka agogo ena aamuna, mzungu wamtali wosamva bwino, amene ndinkawasambitsa ndi kuwaphikira phala.

Kanyumbako anamanga ndi akhonsolo kalekale, kumangira anthu olima m'minda ya eni. Miyala anafukula pafupi pomwepo, padenga anayala timiyala tathyathyathya, chitseko n'chodula pakati kuti utsegule cham'mwamba chokha nkhuku zisalowe. Agogowo anabadwira momwemo, ndipo ankandiuza zimenezi tsiku lililonse ngati ndinawatsutsapo.

Vuto linali chinyontho. M'zaka zokoma zija chuma chisanasokonekere, mwana wa mchemwali wawo anaitana amisiri n'kupaka penti yonyezimira m'kati monse, kuti amalume ake akhale mwamakono. Madzi a m'miyala anasowa potulukira. Khoma la kuchipinda linkatuluka thukuta, nguwi ili bii, agogo n'kumatsokomola mpaka misozi. Nesi amene ankawayendera sanabise: mwezi ukatha zili chonchi, apita kunyumba yosungira okalamba.

"Nyumbayi imapuma, mwana wanga," agogo anandiuza, nesi uja atachoka. "Aitseka mphuno. Amayi anga ankaipaka laimu chisanu chikatha, chaka ndi chaka, ndipo sitinaonepo nguwi muno."

"Ine si mmisiri, agogo. Ndapatsidwa ola limodzi."

"Laimu ali m'mgolo kuseriko. Ndinamunyika ndekha m'madzi, saola."

Ndinakwiya, chifukwa ndinali wotopa mpaka m'mafupa, komanso chifukwa ankanena zoona. Kwathu aliyense amadziwa kuti khoma la dothi ukalimata simenti limafufuma n'kuyamba kugwa. Choncho sabata yonse, ola langa likatha, ndinkatsalira n'kumapala penti ndi mpeni wakale, agogo akundilamula ali pampando ngati kapitawo wa ku esiteti.

Tsiku lopaka, burashi yawo inathothoka ubweya wonse nditangoiviika. Agogo anali atagona pampando, pakamwa yasa. Ndinayang'ana phala loyera lija m'ndowa, losalala ngati dothi lozirira, ndipo manja anga anakumbuka okha. Ndinatapa ndi chikhatho n'kuyamba kuzira monga anandiphunzitsira amayi pakhonde, kuzunguza dzanja, kutapanso, kuzunguza. Ndinene zoona, chibwerere ku Dublin ndinali ndisanasangalalepo chotero. Ndinkayimba ndithu.

Safunsa anadya phula. Laimu si dothi, amawotcha. Poyamba zala zinkangoterera ngati ndagwira sopo, kenako zinayamba kunyereza, ine n'kumalimbikira kuti ndimalize. Pokwera basi yobwerera ndinalephera kugwira chitsulo. Kuchipatala anandimanga manja onse awiri n'kundiletsa ntchito masabata awiri.

Mnzanga wa ku Zomba amene tinkagona naye chipinda chimodzi anandidyetsa ndi supuni, akundinyogodola.

"Achemwali, ma gloves ali mu bag mwanumo, inu n'kumazira nyumba ya mzungu ngati muli kumudzi? Two weeks opanda shift! Chifundo chinapha nkhwali, mwamva?"

Mtima unali pa chitseko chija. Laimu amafuna mpweya kuti aume, ndipo ine ndi amene ndinkatsegula cham'mwamba tsiku lililonse. Ku ofesi ya kuntchito kwathu anatumiza ena m'malo mwanga, lero uyu mawa wina, anthu othamangira ola lawo ngati ine ndemwe. Poopa kuti agogo azizidwa, ankatseka paliponse. Nesi atabwera anapeza khoma lili lotuwa, lonyowa, theka lopaka theka losapaka, ndowa ili pakati pa chipinda, agogo akubanika. Sanadikire kuti mwezi uthe. Sindimuda mayi ameneyo, inenso ndikanakhala iye ndikanatero.

Atandimasula mabandeji ndinapita kukanyumbako. Chitseko chinali chokhoma, koma wina anaiwala kutseka kawindo kakuchipinda. Ndinasuzumira. Mbali imene ndinazira inali itauma, yoyera mbuu, mizere ya zala zanga ikuoneka kuzungulira khoma lonse mpaka pamene ndinalekezera. Mbali ya penti inali ikutulukabe thukuta.

Agogo ndinakawapeza Lamlungu kunyumba yosungira okalamba, atawakhazika m'chipinda chofunda, choyera, pafupi ndi wailesi yakanema imene sankaimva. Anagwira manja anga, kuwatembenuza, n'kuona khungu latsopano lofiirira.

"Bwanji sunandidzutse, mwana iwe?"

"Munali mtulo, agogo. Pepani."

Kenako anandisiya manja.

"Nanga khoma lija?"

"Lauma, agogo. Layera."

"Ndinawauza," anatero, maso akuwala. "Ndiye kawauze nesi aja. Unditengere chikhoti changa, tizipita."

Chikhoti chinali chopachika kuseri kwa chitseko. Ndinachiyang'ana, koma sindinanyamuke pampando.